Thonje mu Valavu

Taponyaponi chikuni china, moto ukuzima mukuuyang'ana. Inu akumapetoko, ngati muli ndi phwete sekeranitu panopa, chifukwa ndikayamba sindifuna kuona mano a munthu. Mwafunsa nokha chifukwa chimene ndimabwezera galimoto iliyonse yoti munafera munthu, ngakhale mwini wake agwade. Ndinena kamodzi, ndipo wofuna kundidula pakamwa anyamukiretu.

Ine Gelevazio ndagwira sipanala pano pa Tsangano Tenofu zaka makumi awiri ndi zitatu. Anthu amati ndine wovuta, ndipo sindikana. Munthu mmodzi yekha ndiye ankatha kundikhazika pansi: achemwali anga a Donata, amene anandilera mayi athu atatisiya. Iwowo anali ndi mphumu kuyambira ali mtsikana. Kukazizira chifuwa chawo chinkalira ngati kamwana ka mphaka, moti uli panja unkadziwa kuti m'nyumbamo muli ndani.

Anakwatiwa ndi Lufeyo, wogula kachewere m'minda ya ku Tsangano n'kumakagulitsa ku Lizulu ndi ku Balaka. Anali ndi kapikapu koyera, kakalekale, kachitseko kotseka ndi phewa. Munthu ameneyu ndinadana naye pa chinkhoswe china, pamene anaimirira mowa uli m'mutu n'kunena pagulu kuti mlamu wake ndi makaniko wa mawilibala, galimoto yake sangaipereke kwa munthu wa pansi pa mtengo. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Ine sindinaseke, ndipo kuyambira tsiku limenelo tikakumana aliyense ankayang'ana kwake.

Mu Juni wa chaka chimenecho mphumu inawagwira achemwali m'mamawa. Lufeyo anawakweza kutsogolo kuti athamangire nawo kuchipatala ku boma. Anthu a m'mudzi anaona galimoto ikunyamuka dzuwa likungotuluka kumene. Kuchipatala inakafika nthawi ya nkhomaliro, ndipo chimene anatsitsa mmenemo chinali mtembo. Ulendo umenewo, ngakhale msewu wathu ndi wa zigwembe, ndi wa maola awiri. Nanga maola enawo anali kuti? Ndinamufunsa pamaliro, ndinamufunsa tsiku lometa, ndinamufunsanso pamaso pa akuluakulu. Yankho lake linali limodzimodzi: "Anatsirizikira panjira."

Ine ndinadzipangira langa yankho. Ndinauza aliyense kuti anaima panjira kumatsatsa kachewere wake, mkazi akubanika pampando. Ndipo poti mwamuna wamkulu wotsala pa mbumba yathu ndine, ndinakana kumusudzula. Tanthauzo lake mukulidziwa: mkamwini wosasudzulidwa sangabwerere kwawo, sangakwatirenso, amangokhala pakhomo pa mkazi wakufa ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo. Ndinalumbira kuti adzakhala choncho mpaka adzavomere ndi pakamwa pake kuti mlongo wanga anamupha ndi iyeyo. Amayi a m'mudzi analeka kumupatsa moni. Ine ndikamva zimenezi mtima unkakhala m'malo.

Kenako Lachiwiri lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndinaona utsi wobiriwira ukutsika mumsewu wa ku Tsangano. Kapikapu kaja. Kanabwera kakutsokomola, kanaima pomwe pali mwala apo, n'kuzima kokha. Oyilo ankadontha pansi ngati denga lothonya.

Ndinali ndi galu wanga pano, wosaopa ngakhale thiraki ya matayala makumi awiri. Galuyo anadzuka, ananunkhiza chitseko cha kumanzere, anapinda mchira n'kuwoloka msewu. Anakakhala tsidya lijali, maso ali pagalimoto.

Lufeyo anatsika. Anali ataonda, kolala ya malaya ikuzungulira pakhosi. Sanandipatse moni, nanenso sindinamupatse.

"Mwasochera, alamu," ndinatero. "Ano ndi malo a mawilibala."

"Ndayenda magalaji atatu," iye anayankha. "Wa ku boma anangotsegula boneti n'kutsekanso. Anati nditenge galimoto yanga ndizipita."

"Anaona chiyani?"

"Sanaone kanthu. Ikutaya oyilo, basi. Muiletse kutaya oyilo."

Ndikanatha kumuthamangitsa. Koma ndinafuna kuti aime pamenepo padzuwa, azindionerera ine wa pansi pa mtengo ndikukonza chimene akatswiri ake a ku boma analephera. Ndinatenga bokosi langa la zitsulo n'kuyandikira.

Choyamba chimene ndinaona n'chakuti galimoto inapendekera kumanzere. Kumbuyo kunalibe katundu, ngakhale thumba limodzi. Ndinagona pansi n'kuyang'ana masipuling'i. Anali bwinobwino, matayala onse odzaza mpweya mofanana. Ndinadzuka. Podutsa pambali ndinaona kuti galasi la chitseko cha kumanzere lachita nthunzi mkati, kamalo kozungulira ngati kukula kwa mbale, pomwe pamakhala nkhope ya munthu akakhala pampando. Mu Okutobala, masana, chitsulo chikutentha choti ungawotcherepo chimanga. Ndinatsegula chitseko n'kupukuta ndi nsanza. Mmene ndimafika kutsogolo kuti ndikweze boneti, nthunzi ija inali itabwerera.

"Radiyeta ikutayira madzi mkati," ndinatero, ngakhale palibe anandifunsa.

Lufeyo anangoyang'ana pansi.

Injini yonse inali noninoni ndi oyilo. Anatulukira pachivundikiro cha pamwamba, anatulukira pa ndodo yoyezera, anadzaza mpaka mu sefa ya mpweya. Munthu wodziwa ntchito akaona zotero safunsa. Injini imapuma, ngati simukudziwa. Pansi pake, mmene mumakhala oyilo, mumadzaza mpweya woipa wothawa ku mapisitoni, ndipo mpweyawo uyenera kupeza potulukira. Pamwamba pa injini pali kavalavu kakang'ono ngati chala chachikulu, kolumikizidwa ndi kapaipi ka labala. Mphuno yake ndi imeneyo. Kabwino ukakagwedeza kamalira ngati kamwala m'chitini. Kakatha kamangoti zii, mpweya umasowa kolowera n'kumakankha oyilo paliponse, mapulagi amanyowa, galimoto imazima ikafika pachitunda.

Ndinachotsa chingwe cha batire kaye, monga ndimachitira nthawi zonse, kenako ndinatambasula dzanja kuti ndigwire kapaipi kaja. Lufeyo anandigwira pamkono. Chikhatho chake chinali chozizira.

"Konzani zina zonse," anatero. "Apo pokha musagwirepo."

"Chotsani dzanja lanu."

"Alamu, ndikukupemphani. Sinthani magasiketi, matani ndi guluu, chitani chilichonse. Apo ayi."

"Ndiye mwabwera kudzandiphunzitsa ntchito? Mukadziwa kwambiri bwanji simunakonze nokha? Ndati chotsani dzanja, ndingakuphwanyeni zala ndi sipanala."

Anachotsa. Anabwerera m'mbuyo mapazi atatu n'kugwira pakamwa.

Ndinamasula kachitsulo kopanira paipi ndi pulayazi, ndinapotoza valavu ija n'kuizula. Ndinaigwedeza pafupi ndi khutu. Zii. Ndipo pamenepo valavu imeneyo ndinaizindikira. Inali ndi kachipsera m'mbali, ka mano a pulayazi yanga yomwe.

Ndikuuzeni chimene sindinauzepo munthu nthawi imeneyo. Mu Meyi, mwezi umodzi achemwali asanamwalire, Lufeyo anaimika galimoto tsidya lija n'kulowa mu lesitilanti. Achemwali anawoloka msewu mozemba. "Gele," anatero, "alamu ako akudya. Tathamanga uione, ikumazima tikafika pachitunda. Ine ndi chifuwa changachi sindingamakankhe galimoto." Ndinapita. Ndinazula valavu yomweyo, ndinaigwedeza, inali zii. M'bokosi mwanga munali ina yabwinobwino, ntchito yake yosakwana mphindi zisanu. Koma ndinakumbukira mawilibala aja, ndinakumbukira mano a anthu pa chinkhoswe. Ndinaibwezera momwemo n'kutseka boneti. "Ilibe vuto, achemwali," ndinatero. "Vuto ndi woyendetsa." Iwo anaseka, anandisiyira nthochi zitatu n'kubwerera.

Tsono nditaigwira kachiwiri valavu ija, ndinadziuza kuti zimenezo n'zakale, sizikukhudzana ndi chilichonse. Ndinatenga kawaya kuti ndione chimene chinaitseka, ndikuyembekeza phala la oyilo wouma. Kawaya kanakola chinthu chofewa. Ndinakoka. Linatuluka thonje.

Thonje loyera, anthu inu. Mu injini yakuda bii ngati imeneyo, thonje linatuluka loyera ngati lachokera m'pepala lero. Ndinakokanso, linatuluka lina, lokulungidwa bwino, timibulu tiwiri tofanana. Fungo lake silinali la oyilo. Aliyense amene analowapo m'nyumba mmene amayi akusambitsa maliro akulidziwa fungo limenelo, ndipo akudziwa kumene timibulu tiwiri totero timaikidwa.

"Ichi n'chiyani?" ndinafunsa.

Yankho linachokera mu injini momwemo. Kuchokera pa kabowo kamene ndinazulapo valavu kunayamba kumveka kaphokoso. Poyamba ndinayesa chitsulo chikuzizira. Koma chitsulo sichikoka mpweya n'kuubwezanso. Kanali kakang'ono, kothina, kolira kumapeto kwake ngati kamwana ka mphaka. Kukoka. Kuima nthawi yaitali. Kutulutsa.

Injini inali yozima. Kiyi anali m'thumba mwa Lufeyo. Chingwe cha batire chinali lende pambali, ndinachotsa ndekha.

Ndinakulira m'nyumba imodzi ndi phokoso limenelo. Ndikanalizindikira ngakhale pakati pa msika.

"Zinayamba sabata ya maliro," Lufeyo anatero, mawu ali pansipansi. "Ndikayendetsa, ndikaimika, chimodzimodzi. Ndinkagona m'nyumba n'kumamva panja. Ndiye ndinapeza thonje lotsala m'chikwama cha amayi a mpingo. Nditatseka panaleka. Koma oyilo ndiye anayamba kutayika."

"Munawatseka mphuno kachiwiri," ndinatero. "Mfiti inu. Kuwapha sikunakukwaneni?"

Ukali unandigwira kuposa mantha. Ndinadziuza kuti ndi mpweya wotsalira mu injini, ndikaika valavu yatsopano zitha. Ndinafufuza m'bokosi, ndinaipeza, yomwe ija ya mu Meyi. Ndinaigwedeza, inalira bwino. Ndinapukuta pabowo, ndinasintha kalabala kozungulira, ndinaikankhira mpaka inakhala, ndinadula kumapeto kwa paipi kumene kunang'aluka n'kuilumikiza. Pofuna kumanga batire ndinasowa sipanala ya teni. Ndinali nditaiika pamwamba pa radiyeta, ndikukumbuka bwino. Ndinayang'ana pansi, ndinayang'ana m'matumba. Lufeyo ndiye analoza ndi chibwano. Inali mkati mwa galimoto, pampando wa kumanzere, chitseko chili chotseka. Ndipo mpandowo unali wobonyoka pakati.

Sindinaitenge. Ndinamanga ndi pulayazi.

"Lizani," ndinamuuza.

Analowa kumbali kwake, anatembenuza kiyi. Injini inalira kamodzi n'kamodzi, mosalala, utsi unachepa tikuona. Ntchito yabwino, ndinene ndekha. Koma pansi pa kulira kwa injini kupuma kuja kunalipobe, ndipo tsopano sikunkachokera mu boneti. Kunkachokera pampando.

Ndinazungulira, ndinamukoka Lufeyo pa malaya mpaka mabatani anathothoka, ndinamupanikiza pachitseko.

"Nenani lero! Munali kuti maola onse aja? Mukapanda kunena ndikukhomani pompano, apolisi adzachite kunditenga."

"Ndisiyeni."

"Munkagulitsa kachewere!"

"Kumbuyo kunalibe thumba ngakhale limodzi, funsani aliyense." Anandiyang'ana m'maso, koyamba pa zaka ziwiri. M'maso mwake munalibe mantha, munali chidani chokhachokha. "Mukufunadi ndinene? Galimoto inazima. Pachitunda chija musanafike pamlatho. Ndinaliza, inakana. Ndinachotsa mapulagi, onyowa ndi oyilo, ndinapukuta ndi malaya, inayenda pang'ono n'kuzimanso. Kanayi. Msewu wonse mbee chifunga, popanda galimoto ina. Foni yopanda netiweki. Ndinayesa kumubereka kumbuyo, anati ndikumuthina pachifuwa. Ndinamubwezera pampando. Anafera pamenepo, dzanja lake lili pakhosi, ine ndili mu boneti."

Ndinamusiya malaya.

"Bwanji simunanene?"

"Anandiletsa."

"Bodza."

"Mawu ake omaliza amenewo. Ankatchula limodzilimodzi, mpweya ukumuthera. Anati, musakamuuze Gele kuti inazima. Anaiona mwezi watha, anati ilibe vuto. Akadziwa sadzagonanso." Lufeyo analavula pansi. "Ine sindinkadziwa n'komwe kuti munaigwirapo galimoto yanga. Miyezi inayi mwanditukwana, mwandisandutsa galu m'mudzi, ine ndikusunga chinsinsi chanu chifukwa cha mkazi wanga. Chifukwa cha inu ayi. Inu ndikanakonda mukanafa ndinu."

Ndinadana naye kuposa kale chifukwa cha zimenezo.

Nthawi imeneyo n'kuti aNagama akudutsa ndi beseni lawo la mandasi pamutu. Ena mwa inu mukuwadziwa, mayi wa pakamwa ngati lumo, amene amatsogolera amayi osambitsa maliro kumpingo kwawo. Anaima pafupi ndi galimoto, anawerama pang'ono pagalasi la kumanzere monga munthu amachitira popereka moni, kenako anaongoka msangamsanga. Anatula beseni pansi.

"Galimoto iyi ndi ya ndani?"

"Yanga," Lufeyo anatero.

"Anafera momwemu?"

"Eya."

"Mtembo unabwera kumudzi pa galimoto yomweyi?"

"Ayi. Unabwera pa lole ya mpingo, m'bokosi."

"Nanga potsitsa kuchipatala kuja, munawauza kuti atsike?"

Tinayang'anana.

"Ndikufunsa inu, zitsiru ziwiri zandevu! Munthu akafera m'galimoto mumangokoka thupi ngati thumba la makala? Simuwauza kuti tafika, tsikani? Miyezi yonseyi munthu ali pampando kudikira kuti afike kuchipatala, inu mukumuyendetsa m'misika ndi kachewere!" Anaona thonje lija pansi, anayang'ana Lufeyo, anapukusa mutu. "Apititseni kwawo dzuwa lisanalowe. Muziwauza njira yonse. Mukafika mutsegule chitseko, aliyense wa inu anene chimene ali nacho kukhosi, chonse, osasiyako. Mukabisa kanthu, zanu." Anasenza beseni lawo n'kuwoloka msewu, osagulitsa ndasi ngakhale imodzi mbali ino.

Kapikapu kameneko kutsogolo kumakhala anthu atatu mopanikizana. Lufeyo analoza kuti ndikhale pakati. Ndinakana, ndinakwera kumbuyo n'kugwira chitsulo. Ndinene zoona, sichinali chidani chokha. Sindikanatha kukhala phewa ndi phewa ndi malo obonyoka aja.

Tinalowa msewu wa fumbi. Kudzera pa kagalasi ka kumbuyo ndinkaona mutu wa Lufeyo ukutembenukira kumanzere kawirikawiri, milomo ikugwedera. Galimoto ikachepetsa liwiro mawu ake ankandifika: "Donata, tikupita kwanu. Apa ndi pachigayo. Apa tikuwoloka mlatho, usaope." Ndipo ngakhale mphepo inkandiomba m'makutu, ngakhale zitsulo zinkagogoda, kupuma kuja ndinkakumva ngati kuli m'khutu mwanga.

Pa sitolo ina bambo wina wonyamula thumba la feteleza anatiimika kuti timutengeko. Lufeyo anaima. Bamboyo anathamangira kuchitseko cha kumanzere, anagwira chogwirira, kenako anachisiya ngati chamuwotcha. "Pepani mayi," anatero, akuvula chipewa. Ndinamuuza kuti akwere kumbuyo kuno. Anandiyang'ana, anayang'ananso kutsogolo, n'kunena kuti adikira ina.

Titafika pachitunda chija Lufeyo anaima yekha. Injini sinazime, inkalira bwinobwino, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa chitonzo chilichonse. Mphindi zisanu za mu Meyi zikanaikweza phiri limenelo ngati mmene inalikwerera madzulo amenewo. M'mbali mwa msewu munali madontho akuda pamiyala, anayi, motalikirana pang'ono. Lufeyo anangotulutsa dzanja pawindo n'kuloza dontho lililonse, kuti ndione. Kupuma kuja kunafulumira, kunathina, kunasanduka kulira kwenikweni. Kenako anaponda moto, tinadutsa.

Tinafika m'mudzi dzuwa litapendeka, mithunzi itatalika. Anthu ataona ine ndi Lufeyo pa galimoto imodzi anatuluka m'nyumba, koma palibe anayandikira. Nkhuku zimene zinali pakhomo pa achemwali zinathawira kuseri kwa nkhokwe. Lufeyo anaimika pafupi ndi khonde, anazimitsa injini, anazungulira n'kutsegula chitseko cha kumanzere. Anagwada pafumbi.

"Donata," anatero, "tafika pakhomo pako. Kuchipatala sitinafike nthawi yabwino, ndinalephera. Ndinakutseka ndi thonje chifukwa ndinkaopa, ndinalakwa. Chinsinsi unandisungitsa chija ndaulula lero, ndinatopa nacho. Mlongo wakoyu ndimadana naye, ndipo sindidzasiya. Ndilibenso china. Tsika, mkazi wanga."

Kupuma kunachepa, koma sikunaleke. Galimoto inali chipendekere. Lufeyo anadzuka n'kundiyang'ana. Mudzi wonse unandiyang'ana: azakhali athu, ana a achemwali, amayi onse aja amene ndinawauza ndekha kuti mkamwini uyu ndi wakupha.

Ndinatsika kumbuyo kuja. Ndinagwada pamene anagwada iye. Mpando unali pafupi ndi nkhope yanga, wobonyoka, sipanala yanga ili pomwepo. Mpweya wozizira unkandifika pamphumi, kubwera ndi kupita. Ndinkadziwa choyenera kunena. Mawu ake anali okonzeka pa lilime: ndinaona kuti yatha, ndinali nayo ina m'bokosi, ndinaibwezera dala. Koma kumbuyo kwanga kunali anthu makumi atatu atatchera makutu, ndipo pambali panga panaima munthu amene ananditcha makaniko wa mawilibala.

"Achemwali," ndinatero, "tafika, tsikani. Galimoto ija ndinaionadi, koma sindinadziwe kuti ili ndi vuto."

Kupuma kunaleka.

Kunangoti zii, moti ndinamva mbuzi ikutafuna kuseri kwa nyumba. Kenako masipuling'i analira pang'ono, galimoto inadzuka kumanzere n'kukhala mowongoka. Siponji ya mpando inafufuma pang'onopang'ono mpaka inasalala. Nthunzi ya pagalasi inauma tikuona. Azakhali anayamba kulira, amayi ena anawatsatira. Lufeyo anakhala pansi n'kubisa nkhope m'manja.

Ine ndinadzuka n'kusasa fumbi m'mawondo. Mumtima ndinati zatheka, ndapulumuka, ndipo ndinasangalala. Inde, ndinasangalala, musandiyang'ane choncho. Pomwepo ndinauza akuluakulu kuti galimoto inangowonongeka panjira, palibe wolakwa, Loweruka timusudzule mkamwini azipita kwawo. Anandiyamikira kuti ndine munthu womva.

Lufeyo anati andiperekeze pa galimoto mpaka kuno. Ndinakana. Iye anandiyandikira kuti ena asamve.

"Munaigwedeza valavu ija mu Meyi?" anafunsa.

"Sizikukukhudzani."

"Ine sindine makaniko, koma lero ndakuonani mukuigwedeza musanachite china chilichonse." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Yendani bwino, alamu."

Ndinatenga kanjira kachidule kodutsa m'minda kuti ndikapeze njinga yamoto pamsewu. Dzuwa linali lisanalowe, kunja kukuwala bwinobwino, ana akusewera mpira patsidya. Ndinayenda mwina mapazi mazana awiri. Pamene phokoso la m'mudzi linatsalira m'mbuyo, ndinamva kaphokoso kena pafupi ndi phewa langa. Ndinaima, ndinagwira mpweya wanga kuti ndimvetsetse. Kukoka. Kuima nthawi yaitali. Kutulutsa.

Sindinacheuke. Ndinathamanga, ine bambo wamkulu, kudumpha mizere ngati wakuba chimanga. Pothamanga kupumako kunkathina, kunkavutika kuti kundipeze, ndipo ndinazindikira kuti ndikuwathamangitsa achemwali anga ndi chifuwa chawo chija. Ndinaima. Ndinayenda pang'onopang'ono mpaka pamsewu.

Anatsikadi m'galimoto muja, monga tinawapemphera. Kungoti sanalowe m'nyumba.

Loweruka lake tinamusudzula Lufeyo. Anakwatira chaka chatha ku Lizulu, wanenepa, ndipo kapikapu kake kamadutsa pano Lachisanu lililonse, kosataya ngakhale dontho la oyilo. Saimika, saliza hutala. Ine ndapita kumanda kanayi, ndi chilolezo cha adzukulu, kukanena zoona zonse mokweza. Ndinaitanitsa mbumba yonse n'kuulula pamaso pawo, azakhali anandilavulira. Ndinapita kwa aNagama kukapempha nzeru, anandiuza kuti chitseko cha galimoto chija chinatsegulidwa tsiku limodzi lokha ndipo ndinalankhula ndekha, popanda wondikakamiza. Anatseka chitseko chawo ndisanamalize kufunsa.

Achemwali samandipweteka. Sanandilotetsepo zoopsa, sanandigwirepo. Amangokhala, n'kumavutika ndi mpweya, ine n'kumamva. M'miyezi yozizira ngati uno ndiye zimakula.

Nkhani yathera pamenepo, ndipo sindikufuna mafunso. Koma inu achimwene a jekete lofiira, amene mwakhala kumanzere kwangaku, tasunthirani uko pang'ono. Mwawapanikiza, ndipo utsi wa fodya wanuwo ukuwatsamwitsa.